Tsitsi Likamatha M'mphepete: Zoyenera Kuchita Mizu Idakali Yamoyo

Munthu akachoka polukitsa tsitsi khungu la pamphumi litakungika, nsidze zitakwera m'mwamba, usiku n'kulephera kutsamira pilo mpaka kumwa mankhwala opha ululu, anzake amamuuza kuti apirire, pakatha masiku awiri kapena atatu zimasuka zokha. N'zoona, ululuwo umatha. Koma kutha kwa ululu sikutanthauza kuti mizu ya tsitsi yachira. Yavulala, ndipo ikamavulazidwa chimodzimodzi mwezi ndi mwezi kwa zaka zingapo, imafika posiyiratu kuphukitsa tsitsi.

Madokotala a khungu amatcha vutoli traumatic alopecia, kutanthauza kutha kwa tsitsi kobwera chifukwa chovulazidwa ndi chinthu chakunja: kukokedwa, kupsa ndi mankhwala kapena moto, kuzulidwa ndi zala, kapenanso kupanikizika pamalo amodzi kwa nthawi yaitali. N'losiyana ndi dazi la kumtundu limene munthu amatengera kwa makolo ake. Mwa mitundu yonse ya kuthothoka kwa tsitsi, uwu ndi umene munthu angaupewe ndi manja ake omwe, ndipo n'chifukwa chake zimandiwawa mumtima ndikaona mtsikana wa zaka 20 chipumi chitakula kale, m'mbali muli mbee, iye akungophimba ndi duku.

Choyamba: dziwani kuthothoka kumene kuli kwachibadwa

Pamutu pa munthu pali mizu ya tsitsi pafupifupi 100,000. Muzu uliwonse ndi kathumba kakang'ono kokhala mkati mwa khungu, ndipo munthu amabadwa nayo yonse. Thupi silipanga ina yatsopano munthu akakula. Mfundo imeneyi muisunge, chifukwa zonse zimene zikubwerazi zatsamira pamenepa: muzu ukafa, palibe wina wodzalowa m'malo mwake.

Tsitsi limakula kwa zaka 2 mpaka 6, pafupifupi sentimita imodzi pamwezi, kenaka limapuma kwa miyezi ngati itatu, n'kugwa, lina n'kuphuka m'kathumba komweko. Choncho kutaya tsitsi 50 mpaka 100 patsiku si matenda. Amene wakhala ndi zoluka kwa milungu 6 asadzidzimuke akaona mulu wa tsitsi pomasula, pakuti lambiri ndi lija linayenera kugwa tsiku ndi tsiku koma linakodwa m'zolukazo.

Tolani tsitsi lingapo pa chipeso, muliike pa pepala loyera. Lalitali lokhala ndi kamutu koyera kutsinde ndi limene lagwa lokha kuchokera kumuzu. Tizidutswa tifupitifupi topanda kamutuko ndi tsitsi loduka, ndipo kuduka kumasonyeza kuti lauma, lapsa ndi mankhwala kapena moto, kapena mukulipesa mwankhanza. Mavuto awiriwa ndi osiyana, kathetsedwe kakenso n'kosiyana.

Chachiwiri: unikani mutu wanu, muujambulenso

Khalani powala bwino ndi magalasi awiri kuti muonenso kunkhongo. Jambulani ndi foni kutsogolo, mbali zonse ziwiri, paliwombo ndi kumbuyo, tsitsi litamasulidwa. Maso oona mutu womwewo tsiku lililonse sazindikira kusintha kwa pang'onopang'ono, koma zithunzi ziwiri zosiyana miyezi itatu sizinama.

Tsitsi lotha chifukwa chokokedwa, limene amalitcha traction alopecia, limatha pamene pali kukoka kwambiri: pamphumi, pamwamba pa makutu, kunkhongo, ndiponso m'mizere yogawira tsitsi poluka. Lisanayambe kutha, khungu limachenjeza. Patsinde pa zoluka pamatuluka tiziphuphu tofiira kapena ta mafinya. Khungu limatukuka ngati kahema pamene choluka chalikoka. Pamayabwa, pamawawa mukapagwira, pena pamachita nkhanambo. Nthawi zina mumaona tinthu toyera tokulunga tsitsi ngati timikanda, totsetsereka mukatikoka ndi zala. Anthu amatisokoneza ndi mfundu kapena mazira a nsabwe, koma ndi chizindikiro chakuti kukoka kukupitirira.

Pali chizindikiro china chimene chimanamiza ambiri. Kutsogolo kwenikweni kumatsala kamzere ka titsitsi tofewa, tifupitifupi, pamene kuseri kwa kamzereko tsitsi latha. Titsitsi timeneti timapulumuka chifukwa n'tatifupi moti woluka satha kutigwira. Munthu amadzitonthoza kuti la kutsogolo lilipo, chonsecho dazi lakhazikika kale kumbuyo kwake.

Kenaka yang'anitsitsani khungu lenilenilo. Ngati mukuona timabowo ting'onoting'ono ndi titsitsi tosaoneka bwino, mizu idakali yamoyo ndipo tsitsi lingabwerere. Ngati khungu lili see, lonyezimira ngati chipsera cha bala lakale, lopanda kabowo n'kamodzi komwe, pamenepo mizu yafa. Madzi akatayika saoleka, koma ntchito ilipobe: kupulumutsa tsitsi lozungulira malowo.

Musataye miyezi mukumasula zoluka pamene vuto lili kwina. Zigamba zozungulira, zosalala, zobwera mwadzidzidzi, nthawi zambiri ndi alopecia areata, pamene chitetezo cha m'thupi chimaukira mizu yake yomwe. Zigamba za mfundu, zoyabwa, tsitsi litadukira pafupi ndi khungu, makamaka pa mwana, ndi zipere. Tsitsi loyoyoka mutu wonse patatha miyezi iwiri kapena itatu munthu atabereka, atatentha thupi kwambiri, atachitidwa opaleshoni kapena atakumana ndi chisoni chachikulu, kawirikawiri limabwerera lokha pakapita miyezi ingapo. Kuchepa kwa ayironi m'thupi, matenda a chithokomiro ndi chindoko zimathothotsanso tsitsi, ndipo zimenezi zimadziwika poyeza magazi.

Chachitatu: thetsani kukoka

Apa ndiye pagona nkhani. Vuto la tsitsi lotha chifukwa chokokedwa linalembedwa koyamba m'mabuku a zachipatala mu 1907 ndi dokotala wa ku Vienna, Rudolf Trebitsch, amene anaona amayi a ku Greenland atatha tsitsi m'mbali chifukwa cholimanga mfundo yothina. Limapezekanso mwa ovina ballet, mwa asilikali achikazi amene amamanga tsitsi kumbuyo tsiku lililonse, ndi mwa amuna achipembedzo cha Sikh amene amapota tsitsi lalitali pansi pa nduwira. Koma amene limawasautsa kwambiri ndi amayi a tsitsi lopotana. Kafukufuku wa Nonhlanhla Khumalo ndi anzake ku Cape Town, wofalitsidwa mu 2007, anapeza vutoli mwa amayi 31.7 pa 100 alionse, ndi mwa atsikana a pasukulu 17.1 pa 100 alionse. Ndiye kuti pafupifupi mayi mmodzi mwa atatu. Anapezanso kuti chiopsezo chimakula kwambiri kukoka kukachitika pa tsitsi lowongoledwa ndi mankhwala.

Lamulo lalikulu ndi ili: kuluka sikuyenera kupweteka, ngakhale pang'ono, ngakhale tsiku loyamba. Mukamva kuwawa woluka adakali pamzere woyamba, nenani pomwepo. Ambirife timachita manyazi, timaopa kuoneka ovuta, makamaka wolukayo akakhala wamkulu kwa ife kapena mnzathu. Mawu ake ndi osavuta: "Pepani asisi, apa pakundikoka, tamasulaniko pang'ono." Woluka wodziwa ntchito yake sakwiya nazo. Akakuyankhani kuti zothina ndizo zimakhalitsa, akunena zoona pa zolukazo, koma imene imavutika kuti zikhalitse choncho ndi mizu yanu.

Musanadzuke pampando, kwezani nsidze, tsinzinani mwamphamvu, tembenuzani khosi uku ndi uku, kenaka weramani. Pamene pakukoka pamasulidwe nthawi yomweyo. Mukafika kunyumba n'kuona tiziphuphu kapena n'kulephera kugona, masulani tsiku lomwelo. Ndikudziwa kuti n'zowawa kumasula zimene mwalipira ndipo mwazikhalira pampando theka la tsiku. Komabe kuthira madzi ofunda kapena kupaka mafuta kumangoziziritsa ululu, kukokako kumakhala kulipobe.

Kukoka sikuchokera m'dzanja la woluka mokha. Meshi yaitali yofika m'chiuno imalemera, ikanyowa ndiye imalemera koposa, ndipo kulemera konseko kumalendewera pa kagulu kochepa ka tsitsi. N'chifukwa chake zoluka zing'onozing'ono kwambiri komanso zazitali ndizo zoopsa kuposa zonse. Sankhani zokulirapo, zolekezera m'mapewa, ndipo gawo la tsitsi lanu likhale lolingana ndi kuchuluka kwa meshi imene yamangidwapo. Kalukidwe kamene kamayamba ndi tsitsi lanu lenileni, meshi n'kumalowetsedwa pang'onopang'ono popanda mfundo patsinde, kamapeputsako katundu pamuzu, ngakhale kuti nakonso kakathina kamavulaza.

Titsitsi tofewa ta m'mphepete muwauze olukawo atisiye. N'tosalimba, ndipo ndi timene timayamba kutha. Kutipaka jelo n'kumatikwecha ndi kaburashi m'mawa uliwonse kuti tigone nakonso kumatidula.

Zoluka zisapitirire milungu 6 mpaka 8. Tsitsi likamakula pansi, choluka chimayamba kulendewera ndi kupotoka pa tsitsi latsopano, ndipo kulendewerako kumalizula. Mukamasula, lipumitseni milungu iwiri kapena kuposerapo musanalukenso. Polukanso sinthani: ngati mizere inapita kumbuyo, tsopano ipite m'mbali, ndipo pogawira pasakhale pomwe paja. Musamange zoluka mfundo yothina pamwamba pa mutu, chifukwa uku ndi kukoka kawiri. A dreadlocks achepetse kupotapota tsinde, ndipo zikatalika n'kuyamba kupyapyala kutsinde, ndi bwino kuzifupikitsa zisanaduke zokha.

Ngakhale osaluka ali m'gulu lomweli. Kumanga tsitsi kumbuyo mothina pamalo amodzi tsiku ndi tsiku, timphira todya tsitsi, mapini obaya pomwepomwepo, kugona ndi marola, duku kapena chipewa chokwecha pamphumi, zonsezi zimachita ntchito imodzimodziyo mwakachetechete.

Pa wigi ndi weave, mizere ya pansi ikhale yomasuka, ulusi wosokera usakungike. Tizipeso ta mkati mwa wigi timadya tsitsi pamene timakola, ndiye tisinthenisinthe malo kapena tichotseni n'kugwiritsa ntchito kalamba kofewa. Guluu ndimamuopa kwambiri. Pomatula amazula tsitsi ndi mizu yomwe, ndipo wina amakhala ndi latex, mtundu wa mphira, amene ena amawatupitsa khungu. Ngati mwamugwiritsa ntchito, msungunuleni ndi mankhwala ake ochotsera, osamatula ndi mphamvu. Usiku wigi ivulidwe. Chomvetsa chisoni n'chakuti munthu akaona tsitsi likutha kutsogolo amathamangira wigi yomata kuti abise, ndipo guluuyo amamatidwa pamizu yodwala kale ija.

Kumasula nakonso kumafuna kudekha, pakuti tsitsi lambiri limaduka tsiku limeneli. Linyowetseni pang'ono ndi madzi ndi kondishona, yambani kunsonga, gwiritsani ntchito zala, ndipo litsiro lomata patsinde mulifewetse kaye musanalichotse. Pesani tsitsi lonse musanalitsuke. Mukalithira madzi tsitsi logwa lija lidakali mkati, limapiringizana n'kukhala chimfundo chofuna lumo.

Chachinayi: samalani ndi mankhwala owongola tsitsi ndi moto

Mankhwala owongola tsitsi amadula timfundo ta mkati mwa tsitsi timene timalipotanitsa, ndipo timene tadulidwa sitibwerera mwakale. Ena amakhala ndi sodium hydroxide, ena guanidine hydroxide. Olembedwa kuti no-lye asakupusitseni, onse ndi aukali moti amawotcha khungu. Tsitsi lowongoledwa limaoneka lofewa, koma mphamvu zake zimakhala zitachepa.

Ngati mwasankha kuwongola, musakande kapena kutsuka mutu kwa masiku angapo tsikulo lisanafike, ndipo pakakhala bala kapena chiphuphu dikirani chipole. Pakani Vaseline m'mphepete mwa tsitsi, m'makutu ndi pakhungu. Mankhwalawo apakidwe pa tsitsi latsopano lokha, asafike pa lija linawongoledwa kale. Yang'anani wotchi, musapitirire mphindi zimene zalembedwa. Kuwotcha si umboni wakuti mankhwala akugwira, ndi khungu likupsa, ndiye tsukani pomwepo ndi madzi ambiri, kenaka ndi shampu wake wothetsa mphamvu ya mankhwalawo. Musabwereze milungu 8 isanathe, ndipo mukafika 12 ndi bwino koposa. Kuwongola ndi kudaya tsiku limodzi ayi. Kuluka kudikire milungu iwiri, ngakhale kuti ine ndinganene kuti pakati pa mankhwala ndi meshi musankhepo chimodzi.

Utoto wa tsitsi, makamaka wakuda, nthawi zambiri umakhala ndi mankhwala otchedwa PPD, amene ena amawatupitsa mutu ndi nkhope. Pakani pang'ono kuseri kwa khutu, mudikire maola 48 musanadaye mutu wonse.

Chipeso chamoto kapena chitsulo chopanira chisakhudze tsitsi lonyowa. Madzi a mkati mwa tsitsi amawira n'kupanga timathovu, ndipo limadukira pomwepo. Liumitseni kaye, pakani mankhwala oteteza ku kutentha, musapitirire madigiri 180, ndipo pagawo lililonse mudutse kamodzi. Kamodzi pamlungu n'kokwanira.

Pali matenda ena ofunika kuwadziwa pano. Tsitsi likayamba kupyapyala paliwombo n'kumafalikira mozungulira, pena kukuyabwa kapena kuwawa, akhoza kukhala matenda otchedwa CCCA, amene amasiya zipsera. Mu 1968 madokotala anawatcha hot comb alopecia poganiza kuti chipeso chamoto ndicho chimawayambitsa, koma pambuyo pake anawapezanso mwa amayi amene sanachigwiritsepo ntchito. Mu 2019 ofufuza anapeza kuti ena mwa odwalawa ali ndi kusintha mu jini yotchedwa PADI3, ndiye kuti kumtundu kulinso mbali yake. Amene amayi ake kapena azakhali ake anatha tsitsi paliwombo asamale kwambiri ndi moto, mankhwala ndi kukoka, ndipo akaona chizindikiro apite kwa dokotala msanga. Matendawa satha ndi kumasula zoluka kokha.

Chachisanu: tetezani mitu ya ana

Kuwongola mtengo m'poyamba. Ambiri amene akuvutika ali akuluakulu, kuvulala kunayamba ali aang'ono, pamene ankalira polukidwa n'kumauzidwa kuti akhale chete. Mwana akamalira kapena kuzinda mutu, mumveni, chifukwa mwana sanamizira ululu wotere. Mlukeni zikuluzikulu zomasuka, popanda meshi, popanda mikanda yolemera, ndipo timphira tisathine. Mankhwala owongola tsitsi asafike pamutu pa mwana, ngakhale pa bokosi patajambulidwa kamtsikana komwetulira.

Zipere za m'mutu sizitha ndi mankhwala opaka okha, chifukwa tizilombo take timakhala mkati mwa tsitsi. Zimafuna mankhwala akumwa, monga griseofulvin kapena terbinafine, kwa milungu ingapo. Zikatupa n'kuchita mafinya musazicheke kapena kuzifinya, pitani naye kuchipatala, apo ayi pamatsala chipsera chosameranso tsitsi. Zipeso, zipewa ndi makina ometera asabwerekane.

Kadazi ka kunkhongo kwa khanda kamadzatha kokha. Musamugoneke chafufumimba pofuna kuteteza tsitsi, kugona chagada ndiko kotetezeka kwa khanda.

Chachisanu ndi chimodzi: zala zozula tsitsi, ndi mutu wogonera mbali imodzi

Ena amadzizula okha tsitsi, nsidze kapena titsitsi ta m'zikope, pena osazindikira n'komwe, akamawerenga, akamaonera kanema kapena akakhala ndi nkhawa. Dzina lake ndi trichotillomania, ndipo analipereka ndi dokotala wa ku France, François Hallopeau, mu 1889. Zigamba zake sizikhala zozungulira bwino, ndipo mkati mwake mumatsala tsitsi lotalika mosiyanasiyana. Nthawi zambiri zimayamba munthu akamatha msinkhu.

Ameneyu si wamwano, ndipo kumukalipira, kumumenya kapena kumuchititsa manyazi kumangowonjezera nkhawa imene ikumuzulitsa tsitsiyo. Chimene chimathandiza ndi kuphunzira kuzindikira nthawi ndi malo pamene dzanja limapita kumutu, n'kulipatsa ntchito ina: kufumbata chibakera kwa mphindi imodzi, kufinya kampira, kuluka ulusi. Kuvala kachipewa kofewa kapena kumata pulasitala kunsonga za zala pa nthawi zimenezo kumakumbutsa. Alangizi a zamaganizo amaphunzitsa njira imeneyi mwadongosolo. Ngati amamezanso tsitsilo, auzeni adokotala, chifukwa limaunjikana m'mimba mpaka kutseka njira.

Wodwala amene wagona osatembenuka kwa nthawi yaitali, kapena wachitidwa opaleshoni ya maola ambiri, akhoza kutha tsitsi pamene mutu unatsamira, chifukwa magazi sanali kufika bwino. Osamalira odwala azimutembenuza mutu pafupifupi maola awiri alionse. Nthawi zambiri tsitsili limameranso.

Chachisanu ndi chiwiri: chisamaliro cha masiku onse

Tsukani mutu kamodzi pamlungu kapena pa milungu iwiri, ngakhale muli ndi zoluka, ndipo shampu apite pakhungu, kondishona apite kutsitsi. Tsitsi lopotana lipesedwe lili lonyowa pang'ono, ndi chipeso cha mano otalikirana, kuyambira kunsonga kupita kutsinde. Pogona mangani nsalu yoterera ya satini kapena silika momasuka, mfundo yake isamakhale pamalo amodzi.

Mafuta amathandiza kusunga chinyezi kuti tsitsi lisaduke, koma palibe mafuta amene amadzutsa muzu wakufa, kaya otsatsa alonjeza zotani. Zopaka zotentha kapena zoyabwa zimene amati zimadzutsa mizu zimangowonjezera kutupa. Kumeta mpala sikuchulukitsa tsitsi, ngakhale kuti kumeta lalifupi ndi njira yabwino kwambiri yolipumitsira.

Tsitsi limapangidwa ndi mapuloteni, ndipo limafuna ayironi wokwanira. Kudzimana chakudya kuti muonde msanga kumaliyoyola. Amayi otaya magazi ambiri posamba ayezetse magazi. Mapiritsi a vitamini wotchedwa biotin sathandiza kwenikweni munthu amene sakusowa biotin m'thupi, komanso amasokoneza zotsatira za kuyeza magazi kwina, monga kwa chithokomiro ndi kwa mtima, ndiye ngati mukumwa, nenani musanayezedwe.

Chachisanu ndi chitatu: pitani kwa dokotala nthawi idakalipo

Musadikire ngati pali mafinya, ululu kapena kutupa kosatha, ngati tsitsi likutha paliwombo, ngati khungu layamba kusalala ndi kunyezimira, ngati zigamba zabwera mwadzidzidzi, kapena ngati wothothoka tsitsiyo ndi mwana. Pitaninso ngati mwasiya kukoka konse kwa miyezi itatu koma palibe chophuka. Kumene kuli dokotala wa khungu, ameneyo ndiye woyenera. Tengani zithunzi zija, mabotolo a zonse zimene mumapaka, ndi mayina a mankhwala amene mukumwa. Muwauze mosabisa za kalukidwe kanu ka zaka zapitazi, ndipo mupite tsitsi lili lomasula kuti athe kuona khungu.

Adokotala akhoza kuunika ndi kagalasi kokulitsa zinthu, kuyeza magazi, kapena kudula kachidutswa kakang'ono ka khungu kuti aone ngati mizu yasanduka chipsera. Pochepetsa kutupa amapereka mankhwala a steroid opaka kapena obaya pakhungu la mutu, ndipo pa tiziphuphu ta mafinya amapereka mankhwala opha tizilombo monga doxycycline. Ma steroid amphamvu musamagule nokha n'kumapaka miyezi yambiri, amapyapyalitsa khungu.

Mankhwala opaka otchedwa minoxidil, a 2 kapena 5 peresenti, amathandiza mizu yofooka imene idakali yamoyo. Amapakidwa pakhungu louma, osati patsitsi, tsiku lililonse, ndipo zotsatira zimaoneka pakatha miyezi 3 mpaka 6. M'milungu yoyamba tsitsi likhoza kugwa mowonjezereka, ndipo ambiri amasiyira pamenepo poganiza kuti mankhwala awapweteka, chonsecho ndi lakale likupereka malo kwa latsopano. Sambani m'manja mukatha kupaka, asayenderere kumaso chifukwa amameretsa tsitsi pamene afika. Amayi oyembekezera ndi oyamwitsa asamugwiritse ntchito. Ndipo minoxidil sangapambane ngati kukoka kukupitirira.

Pamene mizu inafa, chotsala ndi opaleshoni yosamutsa mizu kuchokera kunkhongo n'kuibzala pamalo othawo. Imatheka pokhapokha kutupa kutatheratu ndipo munthu atasiyadi masitayilo okoka, apo ayi yobzalidwayo imathanso. Ena amasankha kumeta lalifupi, ena wigi yopepuka yopanda guluu, ndipo zonsezi n'zabwino malinga ngati tsitsi lotsalalo silikuvulazidwa.

Ngati mizu idakali yamoyo, choyamba kuoneka ndi titsitsi tofewa, topyapyala, ngati ta khanda. Pakutha kwa miyezi itatu timakhala tisanapitirire masentimita atatu, ndipo kuti malowo adzaze pamatenga miyezi 6 mpaka chaka, pena kuposerapo. Jambulani pamalo omwewo, powala pomwepo, kamodzi pamwezi. Titsitsi tatsopanoti musatiluke, musatiwongole ndi mankhwala, musatimate ndi jelo. Mukadzabwerera kolukitsa, muwaonetse olukawo malowo asanayambe n'komwe kugawa tsitsi, muwapemphe awalambalale.